Mau Anali Ndalama: Za Moyo wa Angerezi Pakati pa 1500 ndi 1700

Anzanga, pophunzira mbiri ya dziko la England timamva kwambiri za mafumu, za nkhondo ndi za zombo zimene zinaoloka nyanja zazikulu. Koma za munthu wamba, monga waganyu wa m'munda, mai wogulitsa mowa kapena wosoka nsapato, sitimva kawirikawiri. M'nkhani ino ndifuna kuti tisuzumire m'thumba la munthu wotereyu pa zaka za pakati pa 1500 ndi 1700, tione chimene chinalimo. Ndinene msanga kuti masiku ambiri munalibe kanthu. Komabe munthuyo anali kudya, kubvala ndi kulipira nyumba yake. Nanga anali kutha bwanji?

Chimene ndapeza powerenga ndi ichi: ndalama zachitsulo zinali zochepa ndiponso zosakhulupirika, kotero kuti anthu anali kugula ndi kugulitsa ndi mau a pakamwa. Dzina labwino ndilo linali chuma, ndipo munthu wotaya dzina anali kugona ndi njala. Umboni wa zimenezi uli m'mau a Chingerezi omwewa amene timawaloweza m'kalasi.

Kawerengedwe ka Ndalama

Poyamba tidziwe kawerengedwe kao. Paundi imodzi inali mashilingi 20, ndipo shilingi imodzi inali makobiri 12. Chomwecho m'paundi munali makobiri 240. Polemba anali kuika zilembo £ s. d., zimene sizichokera ku Chingerezi konse, koma ku mau atatu a Chilatini, libra, solidus ndi denarius. Agogo athu akudziwa bwino kawerengedwe kameneka, pakuti kuno ku Malawi nakonso kunali mapaundi, masheleni, masikisi ndi matiki kufikira 1971, pamene kwacha ndi tambala zinayamba. Ku Britain anasiya kawerengedweka m'chaka chomwecho.

Koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Ife tikati kobiri tiganiza za mkuwa, koma kobiri la Angerezi masiku amenewo, limene iwo amati penny, linali la siliva, laling'ono ndi lopyapyala ngati mamba a nsomba. Ndalama iriyonse inali ndi mtengo chifukwa cha siliva kapena golidi amene anali m'menemo. Tisunge mfundo imeneyi, chifukwa mabvuto onse amene ndidzanene achokera pomwepa.

Ndalamazi zinali ndi maina ambiri. Farthing inali gawo lachinai la kobiri, ndipo dzinali lifanana ndi mau oti fourth. Groat inali makobiri 4, crown inali mashilingi 5. Angel inali ya golidi, yokhala ndi chithunzi cha mngelo Mikaeli alikulasa chinjoka, ndipo m'masiku a Mfumukazi Elizabeth I inali mashilingi 10. Guinea inayamba mu 1663, ndipo inatenga dzina ku gombe la Guinea, kumadzulo kwa Africa, kumene golidi wake anachokera. Zina mwa izo zinali ndi kanjobvu kunsi kwa mutu wa mfumu, chizindikiro cha kampani imene inabweretsa golidiyo. Kampani yomweyo inalinso kuchita malonda a akapolo. Panalinso mark, imene inali 13s. 4d. Imeneyi anthu anali kuitchula m'mapangano ndi m'milandu, koma ku England sanaisulepo ngati ndalama yogwirika. Inali ndalama ya pakamwa pokha.

Malipiro ndi Mitengo

Cha m'ma 1500 mmisiri womanga nyumba kum'mwera kwa England anali kulandira makobiri 6 pa tsiku, ndipo waganyu womthandiza makobiri 4. Pofika 1600 mmisiri anali kulandira makobiri 12, waganyu 8. Wina angati zinthu zinawayendera bwino popeza malipiro anawirikiza kawiri. Iai ndithu. Pakati pa 1500 ndi 1640 mtengo wa chakudya unakwera kasanu kapena kuposa, chifukwa china n'chakuti anthu anachuluka, kuchokera pafupifupi mamiliyoni awiri ndi theka kufikira mamiliyoni asanu. Pakamwa podyetsa panachuluka, manja ofuna ganyu anachulukanso, ndipo waganyu analibe mphamvu zokanira malipiro ochepa. Kuonjezera apo lamulo la 1563 linapatsa oweruza a m'chigawo chirichonse mphamvu zoika malire a malipiro, ndipo wolemba nchito amene analipira kuposa malirewo anali kulangidwa.

Kobiri limodzi linali kugula chiani? Lamulo la 1604 linati mowa wabwino wodzaza muyeso wochedwa quart, umene uposa lita pang'ono, uzigulidwa kobiri limodzi. Ku Globe, nyumba ya masewero imene inamangidwa ku London mu 1599, munthu anali kulipira kobiri limodzi kuti aonere sewero ali chiimire. Za buledi n'zodabwitsa. Mtengo wake sunali kusintha, koma kulemera kwake ndiko kunali kusintha. Tirigu akadula, buledi wa kobiri anakhalabe wa kobiri, koma anali kuchepa. Dzina linali lomwelo, njala yokha ndiyo inali kukula.

Mabvuto Atatu a Ndalama

Bvuto loyamba linachokera kwa mfumu yeniyeniyo. Henry VIII anaononga chuma chambiri pa nkhondo zake ndi France ndi Scotland, ndipo kuyambira 1544 analamula kuti osula ndalama azichepetsa siliva ndi kuthiramo mkuwa. Kale m'magawo 1,000 a ndalama, magawo 925 anali siliva. Pofika 1546 siliva anatsala gawo limodzi mwa atatu, ndipo mu 1551, mwana wake Edward VI ali pampando, anatsala gawo limodzi mwa anai. Shilingi ya Henry inali ndi nkhope yake yopenya kutsogolo, tsono siliva wa pamwamba anayamba kuperepeseka pamphuno, mkuwa n'kuonekera. Anthu anampatsa dzina lachipongwe loti Old Coppernose, ndiye kuti Nkhalamba ya Mphuno Yamkuwa. Shilingiyo inali kuchedwa testoon, kuchokera ku mau a Chitaliyana otanthauza mutu. Mu 1551 boma linalengeza kuti shilingi yotere ikhale makobiri 9, kenaka m'chaka chomwecho linati makobiri 6. Wosauka amene anasunga mashilingi khumi m'nsanza anapeza kuti ali ndi asanu, chikhalirecho palibe mbala imene inalowa m'nyumba mwake. Chilankhulo chinasunga mbiri ya chinyengochi, pakuti kuyambira pamenepo mau oti tester anatanthauza sikisi. Elizabeth I ndiye anaitanitsa ndalama zoipazo mu 1560 ndi 1561, nasulitsa zina za siliva wabwino.

Bvuto lachiwiri linachokera kwa anthu. Ndalama zinali kusulidwa ndi nyundo mu Tower of London, ndipo sizinali zozungulira bwino. Munthu wochenjera anali kumeta m'mphepete mwake pang'ono, kusunga tizidutswato, ndi kugulira ndalamayo ngati yathunthu. Mlanduwu unali kuyesedwa woukira mfumu. Amuna anali kunyongedwa, akazi kuotchedwa. Koma kumetako sikunaleke. Aliyense wolandira ndalama yathunthu anali kuibisa, nagulira yometedwa, kotero kuti pamsika panatsala zoipa zokhazokha. Patapita zaka mazana atatu akatswiri anacha khalidweli lamulo la Gresham, potengera dzina la Thomas Gresham, wamalonda amene anamanga Royal Exchange, imene Elizabeth I anaitsegula mu 1571. Makina osulira ndalama zokhala ndi mizere kapena malemba m'mphepete anakhazikika mu 1662, koma zakale zija zinayendabe, ndipo pofika 1695 zambiri zinali zitatsala pafupifupi theka la kulemera kwake.

Bvuto lachitatu linali kusowa kwa chenje. Munthu wosauka sagula za shilingi. Agula kandulo imodzi, kamchere, kaulusi. Farthing ya siliva ikanakhala yaing'ono kwambiri yosatoleka ndi zala, ndipo mafumu anali kuyesa ndalama ya mkuwa chinthu chochepetsa ulemu wao. Mu 1613 James I analola Lord Harington kusula ma farthing a mkuwa, koma anthu sanawakonde. Tsono kuyambira cha m'ma 1649 kufikira 1672 eni masitolo, eni nyumba za mowa ndi akulu a mizinda anayamba kusula tindalama tao-tao, tolembedwa dzina la mwini wake. Tinalipo ta mitundu zikwi zambiri. Kandalama kotere kanali kugwira nchito m'makwalala owerengeka okha, kumene anthu anali kumdziwa mwini dzinalo ndi kukhulupirira kuti adzakaombola. Mu 1672 Charles II anasulitsa ndalama za mkuwa za boma, naletsa zinazo.

Kukhala ndi Moyo pa Ngongole

Popeza ndalama zinali zotere, anthu anapeza njira yina, ndiyo ngongole. Katswiri wa mbiri Craig Muldrew, m'buku lake The Economy of Obligation la 1998, anafufuza mabuku a milandu a mzinda wa King's Lynn, naonetsa kuti malonda ambiri a masiku onse anali a ngongole, ndi kuti pafupifupi banja lirilonse linali lokongola kwa ena ndi lokongoza enanso nthawi imodzimodzi.

Pangano linali la pakamwa. Awiri anali kugwirana chanza pamaso pa mboni, kawirikawiri m'nyumba ya mowa, ndipo wogula anali kupereka kobiri limodzi lachikole, limene ankati God's penny, kobiri la Mulungu. Anthu ambiri sanali kudziwa kulemba, koma anali ndi njira zao zokumbukira. Mwini mowa anali kulemba mizere ndi choko pakhomo kapena pathabwa, ndipo mizereyo inali kuchedwa score, mau amene poyamba anatanthauza kutema mpata pa mtengo. Mau omwewa ndiwo timawagwiritsa nchito lero pa mpira. Panalinso tally, kamtengo kamene anali kukatema mipata yosonyeza ngongole, kenaka n'kukang'amba pakati m'litali, wokongoza n'kutenga mbali imodzi, wokongola mbali yina. Palibe akanaonjezera mpata payekha, chifukwa mbali ziwirizo zikanakana kulumikizana. Nyumba ya chuma cha boma inagwiritsa nchito timitengo totere kufikira 1826, ndipo pamene anali kutiotcha mu 1834 moto unapulumuka n'kupsereza nyumba ya Malamulo ku Westminster.

Ngongolezi zinali kuthetsedwa pa chimene ankati reckoning, ndiko kuwerengerana. Masiku ake odziwika anali anai pa chaka: 25 March, 24 June, 29 September ndi 25 December, amenenso anali masiku olipira lendi. Tiyerekeze kuti wophika buledi ali ndi ngongole ya 7s. kwa wosoka nsapato, ndipo wosokayo wadya buledi wa 6s. 6d. Akakhala pansi n'kuwerengerana, sikisi imodzi yokha ndiyo inali kutuluka m'thumba. Malonda a 13s. 6d. anatheka ndi makobiri 6, ndipo otsalawo anayenda ndi mau.

Dzina la Munthu

Apa ndipo tifika pa mau akulu, credit. Lero timawamva ku banki, koma anachokera ku Chilatini credere, kukhulupirira. Ali pachibale ndi creed, chikhulupiriro chimene amanena m'chalichi. M'masiku amenewo kunena kuti munthu ali ndi credit kunali kunena zinthu ziwiri pamodzi, kuti mau ake ndi oona ndi kuti angathe kutenga katundu wosalipiriratu. Sanali kusiyanitsa ziwirizi. Chimodzimodzinso mau oti worth. M'mabwalo a milandu a mpingo mboni inali kufunsidwa kuti chuma chake chonse chingakwane zingati italipira ngongole zake zonse. Alexandra Shepard, m'buku lake Accounting for Oneself la 2015, anasonkhanitsa mayankho otere oposa 13,500. Ambiri anatchula mashilingi 40, ena mapaundi, ndipo ena anabvomera kuti alibe kanthu koma zobvala za pathupi ndi nchito ya manja ao. Funsoli linali ndi mbola, chifukwa anthu anali kuganiza kuti mboni yosauka ingagulidwe msanga. Chomwecho umphawi unali kuchepetsa ngakhale kulemera kwa mau a munthu.

Popeza ngongole zinali zolumikizana ngati unyolo, mmodzi akalephera kulipira, onse a pambuyo pake anali kugwedezeka. N'chifukwa chake anansi anali kupenyetsetsana, kuti adziwe amene aledzera, amene achita njuga ndi amene abvala zoposa msinkhu wake. Miseche ya pamsika inali kutha kutsekera munthu sitolo iriyonse. Kwathu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kumeneko mlomo unali kutsata munthu mpaka kubwalo. Kunena wamalonda kuti wagwa pa chuma, pamene sanagwe, unali mlandu wolipitsa. Akazi ambiri anasuma ku mabwalo a mpingo chifukwa chotukwanidwa kuti ndi achiwerewere, pakuti kwa mkazi mau oti honest anali kutanthauza makamaka kudzisunga, ndipo dzina lake likaipa, banja lonse linali kubvutika pokongola. Mwa lamulo ngongole za mkazi wokwatiwa zinali pa mwamuna wake, ngakhale kuti mkaziyo ndiye anali kupita kumsika masiku onse.

Banja la William Shakespeare litionetsa mbali zonse ziwiri. Atate wake, John Shakespeare, anali wosoka zobvala za m'manja ku Stratford-upon-Avon, ndipo mu 1568 anakhala mkulu wa mzindawo. Mu 1570 anaimbidwa mlandu wokongoza ndalama mwa katapira. Koma pambuyo pake zinthu zinatembenuka, ndipo mu 1592 dzina lake linalembedwa pakati pa anthu amene sanali kufika ku chalichi. Chifukwa chimene chinalembedwa n'chakuti anali kuopa kugwidwa pa mlandu wa ngongole. Mwana wake uja atalemera sanali wofewa manja. Mu 1604 anasumira Philip Rogers 35s. 10d., makamaka za chimera chimene anamgulitsa, ndipo mu 1608 anasumira John Addenbrooke £6. Milandu yotere sinali yachilendo. Mlandu suola, ndipo mabwalo a nthawi imeneyo anali odzaza ndi milandu ya ngongole.

Za katapira nazo ziri ndi phunziro la chilankhulo. Mu 1552 lamulo linaletsa kulandira phindu lirilonse pa ngongole. Mu 1571 linalekerera phindu losaposa 10 pa 100, mu 1624 malirewo anatsika kufika pa 8, ndipo mu 1651 pa 6. Pamene malamulo anali kusintha, mau nawonso anagawikana. Usury anatsala mau onyoza, a chimo, ndipo interest anakhala mau aulemu a phindu lololedwa.

Wolephera kulipira anali kuponyedwa m'ndende, monga Fleet, Marshalsea kapena Ludgate ku London. Ndipo tamvani izi: wandendeyo anayenera kulipira malo ogona ndi chakudya m'ndende momwemo. Osauka anali kutulutsa dzanja pa zenera la zitsulo kupempha kwa odutsa. Mau oti bankrupt anachokera ku Chitaliyana banca rotta, benchi lothyoka, kutanthauza benchi la wosintha ndalama amene wagwa. Lamulo loyamba la England la anthu otere linali la 1542. Daniel Defoe, amene tidziwa chifukwa cha Robinson Crusoe, anagwa pa malonda mu 1692 ali ndi ngongole ya £17,000.

Pali mau enanso ang'onoang'ono. Pay anachokera ku Chilatini pacare, kukhazika mtima pansi, chifukwa kulipira ndiko kutontholetsa mwini ngongole. Dear atanthauza wokondedwa ndiponso chokwera mtengo. Cheap poyamba anatanthauza msika kapena malonda, monga m'dzina la khwalala la Cheapside ku London. Ndipo b uja wosamveka wa mu debt, amene amatilakwitsa pa dikiteshoni, anaikidwamo ndi ophunzira ofuna kuti mauwo afanane ndi Chilatini debitum.

Kuchoka Pakamwa Kunka Papepala

Chakumapeto kwa nthawiyi zinthu zinayamba kusintha. Kusunga golidi kunali kobvuta. Mu 1640 Charles I anagwira chuma chimene amalonda anasungitsa mu Tower. Mu 1667, zombo za Adachi zitalowa mumtsinje wa Medway, Samuel Pepys, kalaliki wamkulu wa za zombo zankhondo, anatumiza golidi wake kumudzi ku Brampton, kumene mkazi wake ndi atate wake anakamkwirira m'dimba. Ambiri anayamba kusungitsa chuma kwa osula golidi a ku London, amene anali kupereka kapepala ka umboni, ndipo timapepalato tinayamba kuyenda m'manja ngati ndalama. Koma mu 1672 Charles II analeka kubweza ngongole zake kwa osula golidiwo, ndipo ena, monga Edward Backwell, anagwa. Apa anthu anaona kuti ngakhale mfumu ingataye credit.

Mu 1677 lamulo linati mapangano ena akulu, monga ogulitsa malo, akhale olembedwa. Mu 1694 Bank of England inayamba pokongoza boma la William III £1,200,000, ndipo kubweza kwake kunatsimikizidwa ndi nyumba ya Malamulo. Mu 1696 ndalama zonse zometedwa zinaitanidwa kuti zisulidwenso, ndipo pofuna kulipira nchitoyo anaika msonkho wa mazenera. M'chaka chomwecho Isaac Newton, yemwe uja wa m'phunziro la sayansi, anakhala woyang'anira nyumba yosulira ndalama, ndipo anasaka opanga ndalama zachinyengo mwakhama. Mmodzi wa iwo, William Chaloner, ananyongedwa mu 1699.

Ngakhale zinasintha chotero, muzu wake sunazuke. Ndalama ya pepala ya Bank of England mpaka lero iri ndi mau olonjeza kulipira amene waigwira. Pepalalo palokha liribe mtengo. Chimene munthu alandira ndi lonjezo, monga momwe wophika buledi uja anali kulandira lonjezo la mnansi wake. Chasintha n'chakuti kale anali kukhulupirira munthu amene anali kumuona masiku onse, koma pofika 1700 anayamba kukhulupirira banki ndi boma.

Tsono pempho langa kwa inu anzanga ndi ili. Mukapeza mau monga credit, score kapena worth m'buku la Shakespeare kapena la Defoe, musafulumire kuwapatsa tanthauzo la lero. Tsegulani dikishonale imene isonyeza kumene mau anachokera, kapena funsani aphunzitsi a Chilatini ndi a mbiri. Mudzapeza kuti kumbuyo kwa mauwo kuli anthu amene chakudya chao cha mawa chinali kudalira ngati anansi ao akhulupirira zimene iwo anena.

Mnzanu wa mu Fomu 4.